Ana athu akuukonda mzinda, komanso akulirira kumudzi

Azakhali,

Chaka chatha tinasamuka kwathu ku Ntcheu n'kudzakhala ku Chinsapo, mumzinda wa Lilongwe, bambo akunyumba atapeza ntchito yaulonda. Tili ndi ana awiri, mtsikana wa zaka 13 ndi mnyamata wa zaka 9. Mnyamatayu amasangalala ndi magetsi ndiponso tchipisi cha pachiwaya, koma amadandaula kuti alibe bwalo losewerera mpira. Mtsikanayo amayamikira kuti sukulu ili pafupi ndipo usiku amawerenga popanda koloboyi, komabe masiku ano akulira kuti akufuna kubwerera kwa agogo ake. Bambo ake akuti timutumize kumudzi kuti thumba la ufa lizikhalitsa, ine ndikukana, ndipo nkhaniyi yatiyambanitsa. Nditani?

Mayi wa ana awiri, Chinsapo

Mayi,

Ana anu akunena zoona mbali zonse ziwiri, choncho musawaumirize kusankha imodzi. Kumudzi mwana amaleredwa ndi mudzi wonse, amathyola mango osalipira ndipo madzulo amamvera nthano, pamene m'tauni madzi ndi ogula pakiyosiki, nkhuni ndi makala n'zogula, ndipo nyumba zalendi zimathithikana kotero kuti pabwalo pamakwana chingwe choyanikira zovala basi. Za mnyamatayo sizindidetsa nkhawa, pakuti akapeza anzake omanga nawo mpira wachikulunga aiwala madandaulo ake, kungoti muziwadziwa anzakewo ndiponso muzionetsetsa kuti sakujomba kusukulu n'kumakatayira nthawi m'nyumba zoonetsera mavidiyo.

Mtsikanayo ndiye afunika kumumvetsera mofatsa. Mwana amene amakonda sukulu yake, koma mwadzidzidzi n'kuyamba kulirira kumudzi, nthawi zambiri amakhala kuti pali chimene chikumusowetsa mtendere, ndipo mawu akuti "ndikufuna agogo" amangokhala chophimba. Mwina anzake akumuseka kuti ndi wachimidzi, mwina ntchito zapakhomo zamuchulukira inu mukapita kukachita geni, mwinanso, ndipo ichi musachipeputse pa msinkhu wakewu, pali mwamuna amene akumuvutitsa panjira yokatunga madzi kapena yopita kusukulu. Mumufunse muli awiri, mukusankha nyemba kapena mukuchapa, osati pamaso pa bambo ake, ndipo akayamba kulankhula musamudule. Mukapeza kuti pali nkhanza, kanenani kwa aphunzitsi aakulu kapena kupolisi, ku nthambi yothandiza ozunzidwa.

Bambo akunyumba musawaone ngati ouma mtima, chifukwa malipiro a mlonda sakwanira lendi, ufa ndi ndiwo, ndipo nkhawa yawo ndi yeniyeni. Koma muwakumbutse mwaulemu kuti kumudzi nako mwanayo adzafuna chakudya, sopo ndi makope, ndiponso kuti agogo okalamba sangathe kulondoloza maphunziro a mwana amene mayeso a Sitandade 8 akumuyandikira. Mugwirizane kuti pa tchuthi chachitali cha mu Ogasiti ana onse awiri akacheze ku Ntcheu, ndipo nkhani yosamutsa mtsikanayo mudzaikambirane akabwerako, iye mwini ali pomwepo. Mukalephera kumvana, itanani ankhoswe.

Azakhali