Positala ya Malemba Okhaokha: Kodi Ndikulipira Chiyani?

Funso: Ndimayendetsa hotelo ya banja lathu yomwe inamangidwa m'zaka za m'ma 1930. Wojambula amene ndamupatsa ntchito akufuna kupanga positala ya malemba okhaokha, yopanda chithunzi cha chipinda ngakhale chimodzi, koma mtengo sanatsitse. Kodi sakundidyera masuku pamutu?

Yankho: Mayi, sindikuona kuti akukuberani. Zithunzi za zipinda alendo amaziona kale pa intaneti, ndipo bedi loyalidwa bwino limafanana paliponse. Chimene hotelo yatsopano singagule ndi zaka za nyumba yanu, ndipo kaumbidwe ka zilembo kamaulula zakazo munthu asanawerenge n'komwe.

Koma zilembozo zigwirizane ndi nthawi ya nyumbayo. Ojambula ambiri akangomva kuti "zakale" amathamangira font (mtundu wa zilembo) ya Garamond, yochokera ku ntchito ya Claude Garamond wa ku Paris wa m'ma 1500, kapena Caslon ya ku London ya m'ma 1700. N'zokongola, koma nyumba yanu sinafike kumeneko. Zogwirizana ndi nthawi yake ndi Futura ya Paul Renner, ya 1927, ndi Gill Sans ya Eric Gill, ya 1928, zilembo zosalala zopanda timichira. Ine ndikadayamba ndafufuza m'nyumba momwemo: chikwangwani choyambirira, mapepala a makalata, timapepala timene ankamata pa masutikesi a alendo. Wojambula akajambulanso dzina la hotelo potengera zimenezo, palibe wina angakhale nalo lofanana.

Pamene ndalama zimatayikira ndi apa. Font ili ndi mwini wake, ndipo laisensi imene wojambula anagulira kompyuta yake nthawi zambiri sikhudza inu. Ya pa webusaiti imagulidwanso payokha. Mufunseni kuti font ndi iti, ndipo laisensi ili m'dzina la ndani. Ngati thumba lachepa, EB Garamond ndi Jost, yomwe imatengera Futura, zili pa Google Fonts ndipo n'zololedwa pa malonda popanda kulipira.

Komanso m'mayiko ambiri kulipira wojambula pakokha sikukupatsani umwini wa zojambulazo. Lemberanani pangano lonena kuti umwini ukubwera kwa inu, ndiponso kuti akupatsani mafayilo a vector, amene amakula kufika pa chikwangwani cha kumsewu osawonongeka. Dzina lomwelo mudzalifuna pa menyu, pa malisiti ndi pa matawulo, ndiye simungamagogode kwa iye nthawi zonse. Mtengo muuyeze ndi ntchito zonsezi.

Musanasindikize mapositala ambiri, yesani imodzi pa pepala la A2, mamilimita 420 ndi 594, muikhome pakhoma n'kuima patali. Samalani ndi golide: pa sikirini amawala, koma inki wamba wa mitundu inayi (CMYK) amamutulutsa ngati chikasu chakuda. Golide wonyezimira amafuna foil, kachitsulo kopyapyala kamene amamata pa pepala, ndipo osindikiza amalipiritsa payekha, choncho funsiranitu mtengo wake musanavomereze.