Anachira kolera koma tulo sakutiona

Mayi wina wa ku Makanjira wandilembera imelo. Akuti amuna awo, msodzi wa usipa, anadwala kolera kumayambiriro kwa 2023 limodzi ndi mng'ono wawo. Bambowo anachira, mng'ono wawoyo anatisiya ali mutenti ya odwala kolera, ndipo anaikidwa m'manda amuna awo adakali pa dilipi. Kuyambira apo bambowa amadzidzimuka usiku, kumaliro sapita, akamva fungo la klorini amatuluka thukuta. Abale ena akuti analodzedwa, ena akuti misala ikuyamba. Mayiwa akufunsa chochita.

Amayi, mliri uja unayambira ku Machinga mu Marichi 2022, m'nyengo ya anamondwe Ana ndi Gombe, n'kufalikira m'dziko lonse. Unapha anthu oposa 1,700, ndipo Mangochi ndi limodzi mwa maboma amene analira kwambiri. Pa wailesi tinkamva chiwerengero cha ochira n'kumapuma, ngati kuti munthu akachotsedwa dilipi ndiye kuti zatha.

Taganizirani zimene bambowo anaona. Kolera sachedwa, munthu amene m'mawa amakoka nawo khoka madzulo amakhala maso atalowa m'kati. Kumsasa wa odwala amagona pa bedi loboola pakati, chidebe chili pansi, munthu wamkulu wolemekezeka pamudzi osatha kudziletsa anthu akuona. Pambali pake mng'ono wake akutsirizika. Kenako maliro: thupi kulithira klorini, kulikulunga m'pulasitiki, kuliika mwachangu azaumoyo akuyang'anira. Zinali zoyenera kuti matenda asafale, koma kuno kumene ambiri timasambitsa maliro ndi manja athu n'kuwaveka nsanda, chinali chinthu chopweteka. Amuna anu sanagwire fosholo, sanaponye dothi, sanalire ndi abale pasiwa. Ine ndikuona kuti gwero lili pamenepo, si ufiti ayi. Madokotala amadziwa kuti munthu amene wapulumuka pa zoopsa amatha kumazionabe kutulo, kuthawa chilichonse chomukumbutsa, ngakhale kudziimba mlandu kuti n'chifukwa chiyani watsala ndi iyeyo. Vuto limeneli limathandizika.

Mawu oti "limbani mtima, ndinu mwamuna" asiyeni kaye, awamva mokwanira. Kambiranani ndi a shehe kapena abusa kuti tsiku lina mupite nawo kumanda, akapemphere pomwe pagona mng'ono wawo. Ngati kwanu mumachita sadaka ndipo sinachitike, ikhozabe kuchitika. Musawakakamize kufotokoza. Azibambo ambiri amamasuka manja ali pa ntchito, mwina posoka ukonde kugombe ndi mnzawo wakale, kusiyana ndi pamene mwawakhazika pampando kuti lero mundiuze.

Kuchipatala pitani ndithu, zina zonsezi zisalowe m'malo mwake. Yambani ndi mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu kapena chipatala chaching'ono, iwo akhoza kukutumizani ku chipatala cha boma ku Mangochi kukaonana ndi othandiza za matenda a maganizo. Ndikudziwa mantha a anthu ambiri, amati ukangotchula zimenezi akutumiza ku Zomba. Zomba Mental Hospital ndi ya odwala kwambiri, ambiri amalandira uphungu kapena mankhwala n'kubwerera kwawo. Koma akayamba kumwa mowa kapena kusuta chamba kuti apeze tulo, akasiya kudya, kapena akanena mawu ngati "bola ndikanafa ndine" kapena zodzipha, musadikire m'mawa ndipo musawasiye okha. Mankhwala a mbewu ndi makoswe achotseni m'nyumba.

Za klorini zija, musaleke kuteteza madzi akumwa chifukwa choopa kuwakhumudwitsa, makamaka mvula ikayamba. Muzithira iwo ali kunyanja n'kuvundikira ndowa, kapena muziwiritsa madziwo. Nanunso amayi, mwasenza izi kwa nthawi yaitali, ndiye mukafika kuchipatala mufotokozenso za inuyo.