Kodi asilikali a Roma ankamenyadi nkhondo atavala nkhope yachitsulo?

Bambo wina wandilembera imelo ataona chithunzi cha chisoti cha Crosby Garrett, cha msilikali wa Roma wokwera kavalo, chokhala ndi nkhope yamkuwa, chija chinafukulidwa m'munda ku Cumbria, England, mu 2010 n'kugulitsidwa pa mapaundi oposa 2 miliyoni. Akufunsa kuti munthu angamenye bwanji nkhondo ali pakavalo, nkhope yonse itaphimbidwa ndi mkuwa, akusuzumira pa timabowo tiwiri basi.

Mwafunsa bwino, achimwene. Zisoti zambiri zamtunduwu ntchito yake yaikulu inali chionetsero chotchedwa hippika gymnasia. Arrian, bwanamkubwa wa chigawo cha Cappadocia (lero ku Turkey) mu ulamuliro wa mfumu ya Roma Hadrian, anafotokoza masewerowa cha m'ma 136 AD. Akuti akatswiri okwera akavalo ankalowa pabwalo atavala zisoti zachitsulo kapena zamkuwa zokutidwa ndi golide, pamwamba pali zokongoletsa zachikasu, malaya awo owala mitundumitundu. Akavalo nawo ankawaveka zotchinga kumaso kuti nthungo isawalase diso. Gulu lina linkadziteteza ndi zishango, lina likubwera liwiro la mtondo wadooka n'kumaponya nthungo zamtengo zopanda nsonga yachitsulo. Chimene chimandikoka mtima ine ndi mbendera yawo ya chinjoka: mutu wachitsulo woyasamula, thupi lansalu, ndipo mphepo ikalowa kukamwa chinkafufuma n'kumalira ngati mluzu kavalo akuthamanga.

Musayese kuti kunali kungosangalatsa anthu. Nthawi imeneyo kunalibe zopondera mapazi pachishalo. Kutembenuza kavalo mwadzidzidzi, chishango kumanzere, nthungo kumanja, maso akuona pang'ono chabe, ndiye kunali kuyesa luso lenileni pamaso pa akuluakulu. Komanso ambiri mwa okwerawa sanali nzika za Roma, anali a mitundu ina monga Abatavi (a ku Netherlands wa lero) ndi anthu a ku Gaul (France wa lero) ndi Thrace (dera la Bulgaria wa lero). Ine ndimaona kuti anthu ogonjetsedwa akabwera kudzaonerera, ankabwerera kwawo atamva uthenga popanda wina kuwauza: boma limene likutha kuveka siliva ndi golide msilikali wa kumalire, si lolimbana nalo.

Komabe kunena kuti nkhopezi sizinafikeko kunkhondo kungakhale kulakwa. Mu 1990 ku Kalkriese, pafupi ndi Osnabrück ku Germany, anapeza nkhope yachitsulo pamalo amene akatswiri ambiri amati ndi pomwe Varus, mkulu wa asilikali a Roma, anatayira magulu atatu ankhondo m'chaka cha 9 AD. Poyamba inali yokutidwa ndi siliva, koma wina anam'kanganula n'kutaya chitsulocho pansi. Mwiniwake anali nayo pa ulendo wankhondo, kutali ndi bwalo lililonse lachionetsero.