Echo ikuti mtima uli bwino, MRI ikuti wakula pang'ono: yankho kwa mayi wofunsa za matenda a Brugada

Mayi wina wanditumizira imelo yokhudza amuna awo, ndipo ndaona kuti ndi bwino kuyankha poyera chifukwa mabanja ambiri amene ali ndi matendawa amakumana ndi funso lomweli. Akuti amuna awo, bambo a zaka za m'ma 40, anawapeza ndi matenda a Brugada atapimidwa ECG, yomwe imayeza magetsi a mtima, pa nthawi imene anatentha thupi kwambiri. Sanakomokepo chibadwire. Echo, yomwe imajambula mtima ndi mafunde a phokoso, inaonetsa kuti mtima uli bwinobwino, ndipo dokotala anawauza kuti vutoli ndi la magetsi a mtima, osati la minofu yake. Pambuyo pake anajambulidwa MRI, ndipo lipoti linanena kuti chipinda cha mtima cha m'munsi cha kumanja ndi chokulirapo pang'ono, makamaka kumtunda kumene magazi amatulukira popita ku mapapo. Mayiwo akufunsa ngati dokotala woyamba uja analakwitsa kapena ngati matendawo akukula, komanso ngati ana awo awiri ayenera kujambulidwa MRI.

Mayi, zotsatira ziwirizo sizikutsutsana ayi, ndipo kusiyana kwake pakokha si umboni woti matenda akukula. Echo ndi MRI sizipenya mofanana, ndipo malo amene matenda a Brugada amakhudza kwambiri ndi omwenso echo imavutika kuwaona.

Matendawa anafotokozedwa mu 1992 ndi madokotala awiri apachibale ochokera ku Spain, Pedro ndi Josep Brugada, amene analemba za odwala 8 omwe mtima wawo unaimapo mwadzidzidzi, ECG yawo ikuonetsa chizindikiro chofanana, koma mtimawo ukuoneka wopanda chilema. Mu 1998 ofufuza anapeza kuti ena mwa odwalawa ali ndi vuto pa kachigawo ka DNA kotchedwa SCN5A, kamene kamalamulira timipata tolowetsa sodiyamu m'maselo a mtima kuti kugunda kuyambe ndi kufalikira. Kuyambira pamenepo madokotala akhala akuphunzitsidwa kuti awa ndi matenda a magetsi mu mtima wowumbika bwino. Choncho dokotala wanu woyamba sananame, ndipo mukayang'ana mtima wonsewo ndi maso, mawu ake akadali oona kwa odwala ambiri.

Echo imagwiritsa ntchito mafunde a phokoso, ndipo mafundewo sadutsa bwino pa fupa kapena pa mpweya. Chipinda cha kumanja chili kuseri kwenikweni kwa fupa la pachifuwa, ndi chopindika mokumbatira chinzake cha kumanzere, ndipo khoma lake ndi lopyapyala, mamilimita 3 mpaka 5 okha. MRI ilibe vuto limeneli. Wodwala amagona m'makinawo pafupifupi ola lathunthu, nkumauzidwa kugwira mpweya masekondi angapo mobwerezabwereza, makinawo akujambula mtima m'magawomagawo kuyambira kumtunda mpaka kunsonga. Ndi zithunzizo amawerengetsa magazi amene chipinda chilichonse chimalandira ndi amene chimatulutsa pa kugunda kumodzi. Kawirikawiri amabayanso mankhwala a gadolinium mumtsempha, nkudikira mphindi 10 kapena kupitirira pang'ono, chifukwa mankhwalawa amatsalira pamalo amene pali chipsera ndipo pamenepo pamawala pachithunzi. Njira yoyeza mosamala chonchi imaona kusiyana kochepa kumene echo ikanakudutsa.

Kafukufuku wa MRI waonetsa kuti odwala ena a Brugada, makamaka amene ali ndi vuto pa SCN5A, amakhala ndi chipinda cha kumanja chokulirapo pang'ono kapena chopopa mofookerako poyerekeza ndi anthu opanda matendawa, ngakhale kuti manambalawo nthawi zambiri amakhala pafupi ndi malire a mtima wabwinobwino. Chipsera chowala ndi gadolinium chimapezeka mwa odwala ochepa. Zimene zinalembedwa mu lipoti la amuna anu ndi zodziwika kale pa matendawa.

Umboni wamphamvu woti minofu imasinthadi unabwera kudzera njira ina. Mu 2011 dokotala Koonlawee Nademanee ndi anzake anafalitsa zimene anapeza atalowetsa kawaya m'thumba lokuta mtima ndi kuyeza magetsi kunja kwa khoma, pamalo pomwe magazi amatulukira m'chipinda cha kumanja. Anapeza kuti pamenepo magetsi ndi ofooka, oduladula ndiponso ochedwa, ndipo atawotcha malowo chizindikiro cha pa ECG chinatha mwa odwala ambiri, kugunda koopsa kuja nkuchepa kwambiri. Mu 2015 gulu lomwelo, mogwirizana ndi ofufuza a ku London ndi ku Amsterdam, linaonetsa pa maikulosikopu kuti pamalopo pali timinofu ta chipsera tolowerera pakati pa maselo, komanso puloteni ya connexin-43, yomwe imalumikiza selo ndi selo, ndi yochepa. Magetsi a mtima amayenda ngati moto wa m'tchire: udzu ukakhala wogwirana umapita molunjika, koma ukakumana ndi malo oyera umachedwa, kugawikana ndi kuzungulira. Mu mtima, kuzungulira kumeneko kungachititse kuti zipinda za m'munsi ziyambe kunjenjemera m'malo mopopa, ndipo ndicho chimapha munthu m'mphindi zochepa. Timinofu ta chipserato ndi tating'ono kwambiri, tili pa khoma lopyapyala lija, motero ngakhale MRI yabwino kawirikawiri simationa. Pachifukwa chimenechi, chithunzi choyera sichichotsa matendawa, monganso chithunzi chosintha pang'ono sichilosera imfa.

Apa ndi pamene ndikufuna mumvetsetse, chifukwa ndikudziwa kuti mawu akuti "chokulirapo" angakusowetseni tulo. Poyeza kuopsa kwa matenda a Brugada, madokotala amayang'ana kwambiri ngati munthu mtima wake unaimapo, ngati anakomokapo mwadzidzidzi popanda chomuchenjeza, ndi ngati chizindikiro chotchedwa type 1 chimaoneka chokha pa ECG popanda mankhwala ochidzutsa monga ajmaline. Kachipangizo ka ICD, kamene amaika pansi pa khungu kuti kabwezeretse kugunda ndi mphamvu ya magetsi, kamalimbikitsidwa kwa amene mtima unaimapo, ndipo kamaganiziridwanso kwa amene anakomoka chifukwa cha kugunda kolakwika. Munthu amene sanamvepo kalikonse samuika ICD chifukwa cha kukula pang'ono kwa pa MRI, pakuti kachipangizoka kali ndi mavuto akenso: waya amatha kuduka, bala limatha kugwira tizilombo, ndipo nthawi zina kamamenya munthu ndi magetsi popanda chifukwa. Kwa amuna anu, funso lofunika kuposa la MRI ndi lakuti chizindikiro chija chimaonekanso thupi lisanatenthe kapena ayi. Poyeza zimenezi, dokotala amakweza timabatani ta ECG ta pachifuwa totchedwa V1 ndi V2 kuchoka pa mpata wachinayi wa nthiti kupita pa wachitatu ndi wachiwiri, kuti tiyang'anizane ndi malo otulukira magazi aja, ndipo angawavekenso makina ojambula kugunda usana ndi usiku.

Phindu lalikulu la MRI pano ndi kutsimikiza kuti palibe matenda ena amene akudzionetsa ngati Brugada. Oyamba kuwaganizira ndi ARVC, amenenso ndi otengera kumtundu, momwe minofu ya chipinda cha kumanja imasanduka mafuta ndi chipsera. Kutupa kwa minofu ya mtima, chotupa chokanikiza mtima, ngakhale chifuwa cholowa m'kati, zonsezi zingabweretse ECG yofanana. Kusiyanitsaku n'kofunika chifukwa ARVC imakula ndi masewera olimbitsa thupi kwambiri, pamene ngozi ya Brugada imakonda kubwera munthu akupuma kapena ali mtulo. Mukapitanso kwa dokotala wa mtima, mufunseni ngati kukulako anakuyerekeza ndi msinkhu ndi thupi la amuna anu, popeza anthu othamanga mitunda italiitali amakhala ndi chipinda chachikulu chifukwa cha kuthamangako. Mufunsenso ngati pali mbali ya khoma yosagwedezeka kapena yotukukira kunja, ndi ngati gadolinium inaonetsa chipsera. Zoti matenda akukula zingadziwike pokhapokha poyerekeza MRI ndi MRI inzake patapita nthawi, osati MRI ndi echo.

Za ana, MRI si poyambira. Ngati bambo ali ndi vuto lotsimikizika pa SCN5A, mwana aliyense ali ndi mwayi wa theka wolitengera, ndipo kuyeza magazi kungasonyeze amene watengera. Vuto lotereli limapezeka mwa odwala pafupifupi 20 mpaka 30 pa 100 alionse, choncho kusalipeza sikutanthauza kuti banja lapulumuka. Chofunika kwa anawo ndi ECG yokhala ndi timabatani tokwezedwa tija, yobwerezedwa akamakula chifukwa chizindikirocho chimatha kuonekera akatha msinkhu, makamaka mwa anyamata, komanso ECG pa nthawi imene atentha thupi. Makolo a amuna anu, abale ndi alongo awo nawonso ayenera kupimidwa, ndipo ngati kumtunduko wina anamwalirapo mtulo ali wamng'ono, dokotala auzidwe.

Zoteteza moyo wa amuna anu tsiku ndi tsiku zili m'manja mwanu kuposa m'zithunzi. Thupi likangotentha amwe paracetamol msanga, ndipo likapanda kutsika apite kuchipatala kuti akawaone ndi ECG. Pali mankhwala amene ayenera kuwapewa, monga flecainide, ena ochizira matenda a maganizo monga amitriptyline ndi lithium, komanso ena ogonetsa ndi ochititsa dzanzi pa opaleshoni; mndandanda wake uli pa BrugadaDrugs.org, ndipo ndi bwino kuuonetsa kwa dokotala aliyense, wa mano yemwe. Apewe kuledzera ndi kukhuta kwambiri atatsala pang'ono kugona. Inuyo ndi ana okulirapo muphunzire kukanikiza pachifuwa pa munthu amene mtima waima. Amuna anu akakomoka, akagwa ngati khunyu, kapena mukawamva akupuma mobanika usiku osadzuka powagwedeza, itanani thandizo nthawi yomweyo ndi kuyamba kukanikiza pachifuwa ngati sakupuma bwino, ndipo ngakhale atatsitsimuka okha apite kuchipatala tsiku lomwelo.