Kakombo woti anatha kalekale, amudziwa bwanji ndi mungu wokha?

Wina wanditumizira imelo, akuti: "Ndawerenga zoti asayansi apeza mtundu wa kakombo wa m'madzi umene unatha kalekale, koma umboni wawo ndi mungu basi. Sakutinamiza amenewa?"

Achimwene, sakunama ayi, ngakhale kukayika kwanuko kuli ndi malo ake. Nkhani yagona pa kachikhungwa ka mungu. Kamapangidwa ndi sporopollenin, chinthu chouma mutu zedi choti sichiola wamba, ndiye mungu ukagwera m'matope a pansi pa madzi momwe mulibe mpweya umangokhala phee zaka mamiliyoni mpaka matopewo kusanduka mwala. Ku labu amaphwanya mwala uja nkuuthira asidi wa hydrochloric kenako hydrofluoric, mwala umasungunuka koma mungu umatsala, basi aupaka pa kagalasi nkuuika pa maikulosikopu. Sizachilendotu izi, Lennart von Post wa ku Sweden anaonetsa kale mu 1916 kuti mungu wakale umatha kuulula zomera zimene zinalipo pamalo.

Pa maikulosikopu paja mungu sufanana. Wa Nuphar, kakombo wachikasu uja, uli ndi timinga thupi lonse ndi kamng'alu kamodzi mbali imodzi, pomwe wa Nymphaea, mtundu wina wa kakombo, kamng'alu kake kamazungulira ngati mphete. Ndiye akapeza mungu woti zizindikiro zake nza banja la akakombo lotchedwa Nymphaeaceae koma sukugwirizana ndi kakombo aliyense wamoyo lero, komanso ukungopezeka m'miyala yakale yokhayokha, mpomwe amati mtundu umenewu unatha.

Koma apa mpomwe ine ndimati tisamatengeke. Dzina la mtundu wotere nthawi zambiri amapatsa munguwo, osati chomera chonse, ndipo mitundu iwiri yosiyana itha kukhala ndi mungu wofanana ndendende. Mungu sungakuuzeni kuti duwa linali loyera kapena lofiirira, kaya masamba anali aakulu bwanji, moti zithunzi zokongola mumaziona pa intaneti zija zambiri ndi zongoganizira za wojambula.

Umboni umalimba akapeza duwa lenilenilo. Ku Portugal anapeza kaduwa ka mamilimita ochepa chabe ka zaka zoposa 100 miliyoni, anakalengeza mu 2001 nkudzakatcha Monetianthus mirus mu 2009, potengera Claude Monet amene ankakonda kujambula akakombo. Kameneka kanathandiza kutsimikiza kuti akakombo ali m'gulu la zomera zoyambirira kuchita maluwa, ma dinosaur adakali moyo.