Kodi 2,147,483,647 ndi nambala yotani?

Bambo wina wochokera ku Dedza, amene akuphunzira kulemba mapulogalamu a kompyuta kuno ku Johannesburg, wanditumizira imelo yofunsa chifukwa chake nambala 2,147,483,647 imapezekapezeka m'maphunziro awo, ndiponso ngati n'zoona kuti ndi nambala ya prime.

Bambo, n'zoonadi: palibe nambala imene ingagawe imeneyi popanda chotsala kupatula 1 ndi iyo yomwe, ndipo ndilo tanthauzo la prime. Mukalemba ma 2 okwana 31 n'kuwachulukitsa onse, kenako n'kuchotsapo 1, mupeza nambala yanuyi. Ma prime opangika chotere amatchedwa a Mersenne, potengera dzina la Marin Mersenne, wansembe wa ku France amene analemba mndandanda wake mu 1644, ndipo yanuyi ndi yachisanu ndi chitatu pa gulu limeneli. Koma musaganize kuti njirayi imabereka prime nthawi zonse, pakuti ma 2 okwana 11 amapereka 2,047, imene ndi 23 kuchulukitsa ndi 89. Chimene chimandikondweretsa kwambiri n'chakuti 31 nayenso ndi prime wa Mersenne, chifukwa ndi 32 (ma 2 asanu ochulukitsidwa) kuchotsapo 1, ndipo ma prime okhala ndi umersenne wowirikiza chotere amene akudziwika mpaka lero alipo anayi okha.

Anatsimikizira kuti ndi prime ndi katswiri wa masamu Leonhard Euler mu 1772, popanda makina alionse, komanso maso ake atatsala pang'ono kufa onse. Sanayese nambala iliyonse ayi. Iye ankadziwa kuti ngati nambalayi ili yogawika, ndiye kuti mwa zoigawa zake ilipo yosapitirira 46,340, ndiponso kuti yoigawa iliyonse iyenera kusiya 1 ikagawidwa ndi 62. Mfundo ziwirizi zinachepetsa ntchito kwambiri, moti zimene zinatsala zoti aziyese zinali zowerengeka chabe.

Pa za kompyuta ndipo pamene ndikufuna mumvetse bwino, chifukwa ambiri amasakaniza nkhani ziwiri zosagwirizana. Nambalayi imapezeka m'mapulogalamu osati chifukwa chakuti ndi prime, koma chifukwa chakuti makompyuta kawirikawiri amasunga nambala m'ma bit 32 (bit ndi kamalo kosunga 0 kapena 1), ndipo pa ma bit amenewa, imodzi imasungidwa kuti ionetse ngati nambala ili pamwamba kapena pansi pa ziro, ndipo ma bit 31 otsalawo akadzaza onse amafika pa 2,147,483,647 ndendende. Mukaonjezerapo 1, mapulogalamu ambiri amagudubuka n'kuonetsa −2,147,483,648.

Vutoli lili ndi tsiku lake. Makina amene amawerenga nthawi m'masekondi kuyambira pa 1 January 1970 pogwiritsa ntchito ma bit 32 adzafika pamalire amenewa pa 19 January 2038, nthawi ya 5:14 m'mawa kuno ku Johannesburg, yomwenso ndi nthawi ya kwathu ku Malawi. N'chifukwa chake ndikukulangizani kuti pulogalamu iliyonse yosunga nthawi kapena ndalama muziilemba ndi ma bit 64.