Za dzina lija, msuweni, tamvera

Eee, msuweni, ndi ine. Uthenga wako ndauona, koma kulemba ayi, m'manja muli sopo, ndiye ungomvera. Wafunsa kuti chiyani paja... kuti dzina la pa chiphaso cha unzika usinthiretu panopa kapena udikire mudalitse kaye ukwati, eti? Ndipo funsolo waliponya pa gulu la banja 4 koloko m'bandakucha. 4 koloko! Munthu wongofuna kudziwa za ku ofesi sadzuka nthawi imeneyo, mwana iwe. Ine ndinakubereka kumsana, ndimakudziwa.

Chabwino, ndiyambe ndi chomwe wafunsacho, ungamati ndakuzemba. Umboni woti wakwatiwa ndi satifiketi ya ukwati, ndipo pa satifiketipo amalemba dzina lomwe uli nalo panopa. Ndiye panopa ulibe choti ukaonetse. Ukaitenga ndi pamene ungapite nayo kwa a NRB pa boma pompa, ukafunse zoyenera kuchita. Basi. Koma udziwe kuti chiphasocho chimakoka zinthu zambiri. Kubanki, simukhadi, Mpamba, Airtel Money, pasipoti... zonse zija unalembetsa ndi chiphaso. Ukasintha chimodzi uyenera kuyenda konseko. Ndipo satifiketi yako ya Fomu 4 ya ku MANEB ndi digiri ya ku Chanco ija, zimenezo zili m'dzina lakale, ndiye ukamafunsira ntchito satifiketi ya ukwati izikhala m'envulopu momwemo. Tikiti ya ndege nayonso, ngati za ku Johannesburg zija zikadalipo... eya, ndinamva, usadabwe... dzina la pa tikiti lifanane ndi la mu pasipoti, chilembo ndi chilembo.

Dikira, ndizimitse mpope.

Eya. Tsono nkhani ya maina, m'banja mwathu muno tili ndi katswiri wake. Amalume a ku Jali. Sali pa gulu pano eti? Foni yawo ndi ya mabatani ija. Anti ngati mukumva mundikhululukire, koma nkhaniyi munandiuza ndinu nomwe, tikusenda nandolo pakhonde.

Iwe sunabadwe. Ngakhale ine... ayi, inenso ndinali ndisanabadwe, ndisaname. Nthawi ya Kamuzu malo a Fomu 1 anali ochepa, anthu ankabwereza Sitandade 8 mpaka ndevu kumera. Amalume analemba, osasankhidwa. Analembanso, osasankhidwa. Ndiye panali mnzawo wina m'mudzi momwemo amene anasiya sukulu n'kupita kukagwira matemba ku Kachulu, ku Chilwa. Amalume anangotola dzina la mnzawoyo, lonse, loyamba ndi lachiwiri lomwe, n'kukalembetsa pa sukulu ina ngati mwana watsopano. Mwadzidzidzi, asankhidwa! M'mudzi nthungululu. Agogo akuvina, koma dzina lomwe latuluka si la mwana wawo.

Ndiye anapita nalo dzinalo. Sekondale, ntchito ya m'boma kuno ku Zomba likulu lisanasamuke, 1975 likupita ku Lilongwe iwonso anapita nalo. Kuntchito dzina lina, kumudzi dzina lina. Munthu wa kuntchito akabwera kudzawafuna ku Jali, ana ankamulozera njira ya kunyanja, hahaha, kwa mwini dzina.

Tsono apa ndi pomwe ndimaseka mpaka misozi. Anti pokwatiwa, anachita zachizungu, anatenga dzina la amuna awo. Kutchalitchi, ku Mvano, kubanki, konse Mayi uje, Mayi uje. Anapeta ndi pa nsalu za pamipando zija, ukuzikumbuka? Zoyera za maluwa ofiira. Patapita zaka, pa maliro ena kumudzi, kunabwera bambo wakuda bii ndi dzuwa, fungo la nsomba, n'kuwapatsa moni kuti, "Ndiye inu ndinu akazi anga aja ndimangomva?" Anti kutsala pang'ono kugwa. Anakhala zaka zonsezo akudziwika ndi dzina la msodzi amene sanamuonepo! Akuti anakhala sabata osawaphikira amalume ndiwo za nsomba.

Koma sizinathere poseka. Atapuma ntchito n'kubwerera kumudzi, kunabwera kalembera wa ziphaso uja wa 2017. Amalume mtima unawagwira, akuti ine ndakalamba, ndikufuna ndife ndi dzina la bambo anga. Amfumu akuwadziwa ndi lakumudzi, achibale onse lakumudzi, ndiye analembetsa lakumudzi. Chiphaso chinatuluka bwinobwino. Kupita kubanki kokatenga penshoni, akuti pepani bambo, akaunti iyi ndi ya munthu wina. Iwo akuti ndine ndemwe! Akuti chiphaso chikukana. Anayenda, msuweni. Kalata ya amfumu, kukalumbira pamaso pa majisitireti kuti anthu awiriwa ndi munthu mmodzi, Jali–Zomba, Jali–Zomba pa kabaza, mafumbi thoo m'makutu. Jekete lawo labulauni lija linasanduka lofiira. Ankagona kwathu ku Matawale, usiku n'kumangoti, "Dzina ndinabwereka mwaulere, koma kubweza ndiye ndalipira."

Ndimanena chiyani paja... eya.

Iwe, tandiuza zoona. Ine ndinalipo pa chinkhoswe. Ndinaona pamene apongozi ako anakukumbatira n'kukutchula dzina la kwawo, anthu n'kuwomba m'manja. Unaseka, inde, koma maso unayang'ana pansi. Ndipo dzulo lake tinali titachokera ku Songani, kumanda, ndi maluwa aja. Sindinena zambiri, apa pali anthu. Wotsala ndi dzina la bambo ako ndiwe wekha, achimwene ako aja anatenga njira yawo, tonse tikudziwa. Ndiye funso lako si lakuti usinthe liti. Ukufunsa ngati n'kololedwa kusasintha, koma ukuopa kulifunsa choncho pamaso pa azakhali.

N'kololedwa. Palibe lamulo m'Malawi muno lokakamiza mkazi kutenga dzina la mwamuna. Lamulo la maukwati lija la 2015 limazindikira ukwati wa kutchalitchi, wa kwa DC, wachikhalidwe, ndipo ukwati wako sukhala wochepa chifukwa chiphaso chili ndi dzina la bambo ako. Ndipo amene akuti n'chikhalidwe chathu aja... chikhalidwe chiti? Kwathu kuno n'kwa chikamwini, mwamuna ndi amene ankabwera kudzamanga nyumba kwa mkazi. Agogo anakhala pabanja moyo wawo wonse, unamvapo wina akuwatchula dzina la agogo aamuna? Anali NaPhiri pobadwa, NaPhiri mpaka tsiku lomwe tinawaperekeza. Za "Mayi uje" izi zinabwera ndi amishoni ndi mabuku a m'maofesi.

Sindikuti usasinthe, ayi, usandinamizire. Ine ndinasintha ndipo sindidandaula, dzina la alamu akowa n'lalifupi, limakwana bwino pa fomu. Ena amaphatikiza onse awiri, nazonso zilipo. Kutchalitchi ndi kwa apongozi adzakutchula Mayi uje ndithu, ufune usafune, ndipo ungoyankha, sizipweteka. Koma za pa mapepala n'zako, ndipo sizithamangitsa. Ukhoza kusintha chaka chamawa, ukhoza kusintha ana atakula, ukhoza osasintha. Chovuta n'kusintha lero chifukwa cha manyazi, kenako n'kudzafuna kubwerera ngati amalume.

Ndiye munthu woti umufunse si gulu lino, ayi. Ndi bwana wakoyo. Wamuuza? Ndikudziwa sunamuuze. Mnyamata uja ndi wofatsa, amachita kupempha chilolezo kuti akhale pampando. Mutengane mupite kwinakwake, kaya ku Mulunguzi, mukhale pansi, umuuze za bambo ako mmene unandiuzira ine tsiku lija m'khitchini. Amayi ake akawauze yekha, kapena adutsire kwa ankhoswe, ntchito yawo ndi imeneyo. Iwe usakalimbane ndi apongozi ukwati usanayambe n'komwe.

Azakhali, ndikudziwa mukundimvera ndipo mwayamba kale kujambula yankho. Jambulani, ndimva madzulo.

Msuweni, wamva? Chiphaso chisiye mmene chilili, palibe akukuthamangitsa, kalankhule ndi mwamuna wako. Ndipo Loweruka ukamabwera utenge nsalu ya yunifolomu ija, telala wa ku Mpondabwino akuti ikachedwa sasoka. Ndalama yake ndikupatsa pamanja, pa Mpamba ayi, ndikuopa ingakagwere kwa msodzi.